Khansa Yanga Anaipeza M'botolo: Ndiwauze Ofuna Kundikwatira?

Aphungu,

Ndikulemba nditakhala pa makina anga osokera, pepala ndaliika pa nsalu ya makatani a eni ake, ndiye mukaona zilembo zikupendekeka musadabwe. Masiku ano ndasanduka munthu woseka yekha pamsewu, moti dzulo wometa woyandikana nane anandifunsa ngati ndayamba kumwa. Sindinayambe. Ndi chimwemwe basi. Koma pansi pa chimwemwecho pali kanthu kamene kakundibaya ngati phini woiwalika m'diresi, ndipo ndaona kuti ndikapanda kufunsa munthu wa mutu wozizira ndilakwitsa.

Ndine mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu zingapo, telala. Ndimasoka makatani, mayunifolomu a ana asukulu ndi madiresi a ukwati m'kachipinda ka lendi kuseri kwa depoti ya basi, pakati pa wometa uja ndi wokonza mafoni. Amuna anga anatisiya ana akadali aang'ono, ndipo ndawalera ndi makina omwewa. Wamkulu, wamkazi, tsopano ndi mphunzitsi ndipo amakhala pafupi nane. Wamng'ono ali kutali chifukwa cha ntchito, timangomuonera pafoni.

Kwa zaka zingapo ndinkamva ululu kumanja, pansi pa nthiti. Ndikangodya zamafuta, kaya nyama yokazinga kaya mazira, unkandigwira ngati wina wandimanga chingwe n'kumakoka, mpaka kukafika kuphewa. Ine ndinkati ndi kuwerama pa makina. Ndinasintha mpando, ndinaika pilo kumsana, ndinamwa mankhwala a zilonda za m'mimba amene kasitomala wina anandiuza, koma ayi ndithu. Tsiku lina unandigwira ndikuyeza mkwatibwi, mapini ali pakamwa. Ndinagwada pansi, mtsikanayo n'kumaganiza kuti ndikuona mpendero wa diresi. Anadzazindikira ataona thukuta likudontha pa nsapato zake.

Amene ananditengera kuchipatala tsiku limenelo ndi bambo amene nkhani yonseyi yagona pa iwo. Amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo ofesi yawo yayang'anizana ndi shopu yanga. Msewu wathu wonse umawatchula kuti a Pang'onopang'ono, chifukwa mawu amenewa ndi amene amatuluka pawindo la kagalimoto kawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nawonso akazi awo anamwalira. Akhala akundifunsira kwa nthawi yaitali, mwaulemu, mosakakamiza. Amabwera ndi malaya oti ndiwaikire batani, koma ukayang'ana ulusi wake umaoneka kuti wachita kudulidwa ndi lumo. Ine ndinkangoti, "Bambo, ine ndakula, za ukwati ndinasiyira ana." Iwo n'kuyankha kuti, "Palibe kanthu, mayi, sindikuthamanga." Tsiku la kudwala kwanga ndi lokhalo limene anthu anaona galimoto yawo ikuthamanga.

Kuchipatala anandiunika ndi sikani n'kupeza miyala mu ndulu. Ine ndulu ndinkadziwa ya nkhuku, kathumba kobiriwira kamene timachotsa mosamala pachiwindi kuti nyama isawawe. Sindinkadziwa kuti yanga yadzaza timiyala. Adokotala, mayi wachitsikana wa magalasi ndi mawu otsika, anandiuza kuti ndi bwino kuichotsa yonse, ndipo munthu amakhala bwinobwino popanda ndulu. Opaleshoni inayenda bwino. Anangoboola timabowo pamimba, ndipo ine monga telala ndinayang'anitsitsa kasokedwe kawo, sindinapeze powadzudzula.

Nditatsitsimuka, anesi anandibweretsera timiyalato m'kabotolo, tachikasu, ngati mikanda yothimbirira. Ndinafunsa kuti, "Nanga thumba lakelo lili kuti? Ndilione nkhope, landizunza zaka zonsezi." Anesi anaseka, anati, "Ilo laikidwa m'botolo lina, amayi, lapita ku labu. Ndulu iliyonse ikachotsedwa pano timaitumiza kuti akaiyeze. Timatero ndi aliyense, musade nkhawa." Ine ndinati, "Akayezenso chiyani poti wakuba mwamugwira kale, si uyu ali m'manja mwangamu?" Ndinaona ngati ndi kutaya nthawi kwa anthu ophunzira. Nditatuluka m'chipatala ndinaiwaliratu.

Ndinachira msanga modabwitsa. Ndinabwerera pa makina, ndinayamba kudya popanda mantha, timiyala tija ndinatiika pa shelefu pafupi ndi mabatani kuti makasitomala aziona chimene chinandigwetsa. Kenaka kunabwera foni yochokera kuchipatala, yoti zotsatira za ku labu zafika ndipo adokotala akufuna kulankhula nane maso ndi maso. Anawonjezera kuti ngati n'kotheka ndibwere ndi wachibale. Ndinapita ndi mwana wanga wamkazi.

Adokotala anatseka chitseko, anakoka mpando n'kukhala pafupi nane, osati kuseri kwa tebulo. Anati, "Amayi, munandiuza kuti ndinu telala. Jekete labwino limakhala ndi nsalu zingati?" Ndinati pali yakunja, pali yolimbitsa ya pakati, ndiye pali kansalu kosalala ka m'kati kamene kamakhudza malaya. Anati, "Khoma la ndulu nalonso lili choncho. A ku labu analidula tizidutswa topyapyala n'kutiyang'ana pa makina okuza zinthu. Pa kansalu ka m'katiko anapeza kamalo kakang'ono kamene kanali khansa."

Aphungu, mawu amenewa akalowa m'khutu, ena onse amamveka ngati munthu akulankhulira m'madzi. Mwana wanga anandigwira dzanja mpaka zala kuchita dzanzi. Ndinafunsa kuti, "Ndiye mukuti ndili ndi khansa?" Adokotala anati, "Ndikuti munali nayo. Mmene zikuonekera, inatuluka pamodzi ndi ndulu. Inali isanafike pa nsalu ya pakati, ndipo m'mphepete mmene tinadula mulibe chilichonse. Sikani ija sinaione. Ineyo ndulu yanu ndinaigwira m'manja, sindinaione. Koma sindikufuna kulonjeza ndisanatsimikize. Tikuunikaninso ndi makina aakulu, ndipo ndikambirana ndi madokotala anzanga ngati pakufunika opaleshoni yachiwiri."

Masabata odikira amenewo sindikufuna kuwabwereza. Ndinasoka manja a yunifolomu motembenuza kawiri. Ndinkayang'ana madiresi a ukwati opachikidwa pakhoma n'kumadzifunsa kuti la mwana wanga adzasoka ndani. A Pang'onopang'ono anaona kuti sindili bwino, anafunsa, ine n'kuti ndi kutopa. Ndipo m'masiku omwewo ndinadzipeza ndikuyang'ana tsidya la msewu kuposa kale. Kagalimoto kawo kakachedwa kubwera ndi wophunzira, mtima unkakhala m'mwamba. Ndinadzifunsa kuti kodi zaka zonsezi ndakhala ndikukana chiyani kwenikweni.

Tsiku lokamva zotsatira zomaliza mwana wanga anali ndi mayeso kusukulu kwake, ndiye amene anandiperekeza ndi a Pang'onopang'ono. Iwo ankadziwa kuti ndikukaonetsa mabala a opaleshoni basi. Anatsala m'galimoto, chifukwa m'chipatala salowa ngati palibe chowakakamiza. Adokotala atangondiona pakhomo anamwetulira, ndipo ndinadziwiratu. Chiwindi chili bwino. M'mimba monse muli bwino. Opaleshoni yachiwiri sikufunika, mankhwala a khansa sakufunika. Chotsala n'choti ndizibwera nthawi ndi nthawi kudzaonedwa. Ndinawakumbatira adokotala mpaka magalasi awo kupendekeka. Ndinatsika masitepe a chipatala ngati mtsikana, ndinapatsa moni wokolopa, ndinapatsa moni munthu wa pa njinga ya odwala, ndinapatsa moni ngakhale mlonda amene anandikalipira m'mawa.

Nditalowa m'galimoto anafunsa kuti, "Ati bwanji adokotala?" Ndinati, "Ati ndili bwino, bwino kwabasi." Anagwedeza mutu, analiza galimoto, tinanyamuka. Tikuyandikira geti ndinangomva pakamwa panga pakulankhula pokha: "Bambo, nkhani ija mumandifunsa ija ikadalipo?" Anati, "Nkhani iti, mayi?" Ndinati, "Ya mabatani ija. Ngati ikadalipo, ine ndavomera." Galimoto inadumpha kamodzi n'kuzima. Munthu amene waphunzitsa theka la msewu wathu kuyendetsa anazimitsa galimoto pakati pa geti la chipatala, a kumbuyo akuliza mahutala, mlonda akukupiza manja. Iwo osatekeseka, anatembenuka n'kunena kuti, "Tabwerezani, mayi, mwina ndamva injini." Ndinabwereza. Tinaseka mpaka misozi, ndipo anayesa katatu galimoto isanalire.

Tsopano ukwati uli m'njira. Ana a mbali zonse asangalala. Wometa akuti adzawameta ulere, wokonza mafoni wadziika yekha kukhala wojambula zithunzi. Nsalu ya diresi langa ndagula kale, yamtundu wa kirimu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo ndikudziyeza ndekha. Ndikadzuka m'mawa ndimamva ngati andibwezera zaka zimene ndinali nditataya kale.

Phini uja ali apa. Akazi awo oyamba anamwalira ndi khansa. Anaipeza mochedwa, itafalikira, ndipo bambowa anawadwazika okha kunyumba mpaka tsiku lomaliza. Mpaka lero dzina la matendawa satchula, amangoti "matenda aja". Wailesi ya m'galimoto ikayamba kukamba za khansa amasintha siteshoni. Tsiku lina, ndikuwaikira batani, anandiuza kuti, "Ndinaphunzira kuphika, kusambitsa munthu wamkulu, kumutembenuza pabedi osamupweteka. Chimene chinandikanika kuphunzira ndi kukhala m'nyumba atachoka." Munthu ameneyu sakudziwa kuti mu ndulu yanga munali chiyani. Sindinawanamize, pakuti ndili bwinodi, koma sindinawauzenso zonse.

Mwana wanga akuti ndisayerekeze. Akuti, "Amayi, chinthucho chinatha, chili m'botolo. Mukufuna kuwaopseza ndi njoka yakufa? Akangomva dzina lokhalo adzaona bedi lija, sadzaona inu. Mwadikira chimwemwe nthawi yaitali, musachitaye ndi pakamwa panu." Ndikamumvera ndimaona kuti akunena zoona. Ndikawaona iwo akuwoloka msewu ndi malaya m'manja, akumwetulira, ndimaona kuti mwana wangayo akunama.

Komanso kusunga chinsinsi ine sindimatha, makamaka chokoma chonchi. Ndikufuna kuuza aliyense wolowa m'shopu kuti kuli anthu amene amayang'ana zinthu zimene ife timayesa zotayidwa. Mng'ono wanga ndinamuuza kale, ndipo iye wachita mantha moti akufuna akamuchotse ndulu yake ngakhale sinamupwetekepo. Ndikufunanso kupeza munthu wa ku labu amene anaona kamalo kaja. Adokotala akuti amakhala m'chipinda cha pamwamba ndipo odwala sakumana naye. Ndikufuna kumusokera malaya, aziti akavala azidziwa kuti kuli mayi wina amene akupuma chifukwa iye sanaphethire.

Tsiku langa lokaonedwanso likubwera ukwati usanachitike, ndipo bambowa anena kale kuti ulendo uliwonse wa kuchipatala ndi wawo. Ndayamba kuganiza zongousiya ulendowo, poti ndikumva bwino, kuti pasakhale mafunso. Ndiuzeni, Aphungu. Ndiwauze kapena ndikhale chete? Ndikawauza ndiyambire pati kuti ndisawagwetsenso m'dzenje limene atulukamo movutika? Nanga mng'ono wanga ndimuuze chiyani?

Ine wosangalala koma wothedwa nzeru,
Mayi E.K., wa kuseri kwa depoti


Mayi E.K.,

Choyamba landirani dzanja langa kawiri, la moyo ndi la ukwati. Makalata ambiri amene amafika patebulo langa ndimawerenga nditagwira tsaya. Yanuyi ndawerenga ndikuseka, ndipo pa geti paja anzanga a mu ofesi anabwera kudzafunsa kuti chachitika n'chiyani. Sangalalani ndithu, musachite nazo manyazi. Chimene chakuchitikirani ndi mwayi weniweni. Khansa ya ndulu ndi yobisala, kawirikawiri siimveka ikadali yaing'ono, ndipo ikadzayamba kudzionetsa imakhala itapita patali. Ndulu zambiri zimene zimatumizidwa ku labu zimapezeka zilibe chilichonse choopsa. Ndi zochepa kwambiri zimene zimapezeka ndi khansa, ndipo palibe amene angalozeretu ndi maso kuti ndi iyi. N'chifukwa chake zipatala zambiri zimayeza zonse. Miyala imene inakugwetsani pamaso pa mkwatibwi ndi imene inachititsa kuti mdani wamkulu atuluke akadali khanda.

Tsopano funso lanu. Auzeni, ndipo auzeni ukwati usanachitike.

Mwana wanu amakukondani, ndipo musamukalipire. Iye anali m'chipinda muja, anamva mawu aja pamodzi nanu, ndiye akufuna kutseka chitseko chimenecho kuti chisadzatsegukenso. Koma taganizani zimene malangizo ake ayamba kale kubala. Simunakwatiwe n'komwe, mwayamba kuganiza zothawa kuchipatala kuti chinsinsi chisaululike. Chinsinsi chimene chikukuletsani kukaonana ndi dokotala ndi choopsa kuposa khansa imene inachotsedwa. Ndipo ulendo wokaonedwa si umodzi wokha. Mudzapeka nkhani yanji ulendo uliwonse kwa munthu amene adzakhala akukudikirani panja, makiyi ali m'manja?

Komanso tinene zoona, chinsinsichi chatuluka kale theka. Mng'ono wanu akudziwa, ndipo ali ndi mantha, ndipo munthu wamantha amalankhula. Inuyo mwavomera nokha kuti pakamwa pakuyabwa. Mumagwira ntchito pakati pa wometa ndi wokonza mafoni, malo awiri amene nkhani sizigona. Bambowa adzamva ndithu. Chimene chili m'manja mwanu n'choti amve kwa ndani. Akamva kwa inu, adzamva kuti munadwala ndipo munachira. Akamva kwa wometa, lumo lili pakhosi, adzamva kuti munawabisira.

Pali chinanso chimene mwana wanu sanachione. Bambowa si mwana woti atetezedwe ku dzina la matenda. Ndi munthu amene anaima pafupi ndi bedi mpaka mapeto osathawa. Khansa imene akuidziwa ndi ya mtundu umodzi, yopezeka mochedwa. Sanaonepo yopezeka msanga, sanaonepo munthu akutsika masitepe a chipatala akupatsa moni mlonda. Mwina inu ndi amene mungawaonetse kuti nkhani imeneyi simatha mofanana nthawi zonse. Sindikulonjeza kuti adzaseka. Ndikuti ali ndi ufulu wolowa m'banja maso ali otsegula, monga mmene inu mukanafunira zikanakhala kuti ndi iwo.

Kauzidwe kake ndi kamene kakufuna nzeru. Musawauzire m'galimoto, mwaona kale zimene nkhani zanu zimachita ndi injini. Musawauzirenso m'shopu, pamene kasitomala angalowe pakati pa chiganizo. Sankhani masana a tsiku lopuma, kunyumba, mutakhala pansi, foni zitazimitsidwa. Ndipo yambirani kumapeto kwa nkhani, osati koyambirira. Munthu amene anapwetekedwapo akamva dzina lija makutu amatseka, monga mmene anatsekera anu. Ndiye mawu oyamba akhale akuti muli bwino, madokotala aunika paliponse ndipo atsimikiza, simukumwa mankhwala alionse ndipo palibe opaleshoni ina. Zimenezi zikakhazikika, ndiye nenani chimene anapeza mu ndulu. Litchuleni dzina lake mosazungulira, kamodzi, ndi mawu abata. Fanizo la jekete lija ndi labwino, ligwiritseni ntchito. Auzeninso chifukwa chimene munakhalira chete, kuti munkaopa kuwatsegula bala. Adzamvetsa zimenezo kuposa mmene mukuganizira.

Mukatero apempheni kuti ulendo ukubwerawu asatsale m'galimoto, alowe nanu kwa adokotala. Akakana musawakoke, koma khomo likhale lotsegula. Mawu a dokotala amakhazika mtima pansi mwa njira imene mawu a wokondedwa sangathe, chifukwa wokondedwa timamukayikira kuti akutitonthoza chabe. Kumeneko funsani zonse poyera: khansayo inalowa mozama bwanji, m'mphepete munali moyera ndithu, muzibwera kangati ndipo kwa zaka zingati, ndi zizindikiro ziti zimene muyenera kuthamangira nazo kuchipatala osadikira tsiku lanu. Ine si dokotala, koma ndikudziwa kuti maso akayamba chikasu, thupi likamayabwa popanda chifukwa, mukamaonda osadziwa chimene chikukuondetsani, kapena ululu wa pansi pa nthiti ukabwerera, zimenezo si zoikira pilo kumsana. Pemphaninso kuti akupatseni zotsatira zanu zolembedwa, muzisunge, kuti dokotala wina aliyense wa m'tsogolo adzadziwe mbiri yanu.

Mng'ono wanu mumukhazike mtima pansi. Ndulu yabwinobwino sachotsa chifukwa cha mantha. Opaleshoni iliyonse ili ndi zoopsa zake, ndipo dokotala wanzeru sangamugoneke patebulo popanda chifukwa. Ngati amamva ululu wonga wanu uja, kapena nseru akadya zamafuta, apite akamuunike ndipo atchule zimene zinapezeka kwa inu. Ngati samva kanthu, akafunse dokotala kamodzi kuti mtima ukhale m'malo, kenaka abwere adzakuthandizeni kusoka.

Za kulalikira m'shopu, dikirani kaye mpaka mwini nkhani amve. Akamva, lalikirani mpaka mawu asase, koma uthenga wake ukhale wolondola. Musamauze anthu kuti aliyense wa miyala mu ndulu ali ndi khansa, chifukwa si zoona ndipo mudzagonetsa anthu ndi mantha. Muziwauza kuti ululu wobwerezabwereza si wozolowera. Muziwauza kuti akachitidwa opaleshoni afunse ngati chochotsedwacho chapita kukayezedwa, asiye nambala ya foni imene imagwira, ndipo akapanda kuitanidwa apite okha kukafunsa zotsatira. Alipo amene amachira bala n'kusabwereranso, zotsatira zawo zili chidikirire. Inu munayankha foni n'kupita. Pamenepo mudziyamikire nokha.

Wa ku labu uja muthokozeni, koma malaya a munthu amene simunamuyeze inu mukudziwa mmene amathera. Lembani mawu ochepa, muwapatse adokotala akamufikitsire. Anthu a ntchito imeneyo amaona tizidutswa ta anthu tsiku ndi tsiku, koma nkhope za amene apulumuka saziona. Akamva kuti kachidutswa kena kakukwatiwa, tsiku lake lidzakoma.

Chenjezo langa ndi ili. Mawu akuti "muli bwino" ndi oona, ndipo mwayi woti matendawa sadzabweranso ndi waukulu kwambiri, koma amene amatsimikiza zimenezo chaka ndi chaka ndi adokotala, osati mmene mukumvera m'thupi. Paja khansa yoyambayo simunaimve. Tsiku lokaonedwa musaliphonye, kaya bambowa alowa nanu, kaya atsala panja, kaya akwiya. Ndipo mukamaliza kuwauza, musadzaze chipinda ndi mawu. Khalani chete. Mwina adzadzuka n'kutuluka panja, mwina adzapempha masiku oti aganize, mwina adzalira. Apatseni mpata umenewo monga mmene iwo anakupatsirani wanu. Akalira, musathamangire kuganiza kuti ukwati watha. Misozi ina idzakhala ya mayi amene sanapeze mwayi umene inu mwapeza, ndipo ndi bwino ayilire atagwira dzanja lanu.

Aphungu